TERESA WOYERA WA KU AVILA: SISITERE AMENE ADATOPA NDI PEMPHERO

Pa 15 Okutobala chaka ndi chaka Eklezia Katolika achita chikumbutso cha Teresa Woyera wa ku Avila, namwali wa chipani cha Akarmeli. Akristu ambiri akamva dzina limeneli aganiza za Teresa wa Mwana Yezu, amene adamwalira ku Lisieux m'dziko la France m'chaka cha 1897. Koma iyeyo adali mwana chabe m'banja limene mai wake ndi Teresa wina, wa ku Spain, amene adamwalira zaka pafupifupi 300 Teresa wamng'onoyo asanabadwe.

Alipo anthu amene ayesa kuti oyera onse adabadwa ndi moto wa Mulungu mumtima, ndi kuti motowo sudazilale konse kufikira tsiku la kufa kwao. Mbiri ya Teresa itsutsa maganizo otere. Mkazi ameneyu, amene lero Eklezia amutcha mphunzitsi wa pemphero, adakhala zaka pafupifupi 20 m'nyumba ya asisitere ali wotopa ndi pemphero, wofunda, wa mitima iwiri. Adafika zaka 39 zakubadwa asanadzipereke kwathunthu. Tsono mbiri yake iyenera kuwerengedwa makamaka ndi Mkristu amene adayamba ulendo ndi changu, koma lero miyendo yamlemera.

UBWANA WAKE

Teresa adabadwa pa 28 Malichi 1515. Kwao kudali ku Avila, mzinda wozingidwa ndi linga lamiyala, m'dera lokwera ndi lozizira la Castile. Atate ake, a Alonso Sánchez de Cepeda, adali munthu wachuma, woopa Mulungu, wokonda mabuku abwino ndi wochitira chifundo amphawi. Amai ake adali a Beatriz de Ahumada, amene a Alonso adawakwatira mkazi wao woyamba atamwalira. Ana onse m'banjamo adali 12, aakazi 3 ndi aamuna 9.

Ali ndi zaka 7, Teresa ankawerenga mbiri za amartiri pamodzi ndi mlongo wake Rodrigo. Anawo adaona kuti amartiri adagula chimwemwe chosatha pa mtengo wochepa, napangana kuti athawire ku dziko la Amoro, ndiwo Asilamu a kumpoto kwa Africa, kuti akawadule mitu chifukwa cha Kristu. Adatulukadi pa chipata cha mzinda, koma mbale wa atate ao adakumana nao panjira nawabweza kunyumba. Ataona kuti umartiri wakanika, adayamba kumanga tinyumba ta miyala m'munda wa zipatso, kuti azikhalamo okha ndi kupemphera. Koma tinyumbato tinkagwa asanatsirize.

Amai ake adamwalira iye ali ndi zaka pafupifupi 13. M'chisoni chake adapita pa chifaniziro cha Maria Virigo, napempha ndi misozi kuti Mai wa Yezu akhale mai wake. Komabe pamene ankasinkhuka, moto wa paubwana udayamba kuchepa. Adakonda mabuku a nthano za ankhondo ndi za chikondi, amene ankawawerenga mobisira atate ake. Adayamba kusamala za tsitsi, za zovala ndi za mafuta onunkhira, ndi kutaya nthawi pa macheza opanda pake ndi abale ake ena. Sadagwe m'tchimo loipitsa mbiri; koma atate ake adaona kumene madzi ankalowera, ndipo m'chaka cha 1531 adamtumiza kukaleredwa ndi asisitere a chipani cha Augustino Woyera mumzinda momwemo. Adakhalako chaka ndi theka, nabwerera kwao chifukwa cha matenda.

ALOWA M'CHIPANI CHA AKARMELI

Pa nthawi ya kudwalako Teresa adawerenga makalata a Jerome Woyera, nayamba kulimbana ndi funso la moyo wake. Chimene chidampititsa ku usisitere sichidali chikondi chotentha ai. Adangowerengera kuti m'nyumba ya asisitere mzimu wake udzakhala pa malo osaopsa, ndi kuti mavuto a m'menemo sangapose a ku purigatorio. Atate ake adakana kumlola. Tsono m'mamawa pa 2 Novembala 1535, ali ndi zaka 20, adatuluka m'nyumba mwakachetechete, nakagogoda pa khomo la asisitere Achikarmeli a nyumba yotchedwa Encarnación, kunja kwa linga. Kusiyana ndi atate ake kudamuwawa monga ngati mafupa ake onse alikuguluka. Atate aja adavomera pambuyo pake, ndipo Teresa adachita malumbiro ake mu Novembala 1537.

Chipani cha Akarmeli chidatenga dzina ku phiri la Karmeli m'Dziko Loyera, kumene mneneri Eliya adapemphera. Cha m'ma 1200 amuna ena adakhala pa phirilo paokha, mwa umphawi, mwa chete ndi kusala zakudya. Lamulo lao lidali lolimba, koma m'chaka cha 1432 Papa Eugenio IV adalifewetsa, ndipo lofewalo ndilo linkatsatidwa ku Encarnación.

Pasanapite nthawi Teresa adadwala kwambiri. Atate ake adamtenga kupita naye kwa mai wina wodziwa mankhwala ku mudzi wa Becedas. Panjira mbale wina wa atate ake adampatsa buku la Francisco de Osuna, wansembe wa chipani cha Fransisko Woyera, lophunzitsa pemphero la mumtima, ndiko kukhala chete pamaso pa Mulungu ndi kuyankhula naye ngati bwenzi. Bukulo lidamtsegulira njira yatsopano, ndipo kwa miyezi ingapo adalawa kukoma kwa pemphero.

Koma mankhwala a ku Becedas adangoonjezera matenda. Mu Ogasiti 1539, atabwerera ku Avila, adakomoka nakhala chikomokere masiku 4. Adamdzoza mafuta oyera. Manda adakumbidwa ku nyumba ya asisitere. Phula la kandulo lidagwera pa zikope zake. Atate ake okha ndiwo adakana kuti mwana wao wafa. Adatsitsimukadi, koma wopuwala ziwalo, ndipo zaka pafupifupi 3 zidapita asanayambe kuyenda bwino. Kuchira kwake adakuona ngati mphatso ya Yosefe Woyera, amene adamlemekeza koposa moyo wake wonse.

ZAKA ZA CHILALA

Munthu angayembekeze kuti wobwerera pa khomo la manda adzatumikira Mulungu ndi mtima wonse. Sizidatero. Apa ndipo padayambira zaka zija za kufunda.

Nyumba ya Encarnación idali ndi asisitere oposa 100, ndipo chakudya sichinkakwanira. Chifukwa cha umphawiwo asisitere ankaloledwa kupita kwa abale ao nakhalako masabata kapena miyezi. Ochokera m'mabanja olemera adali ndi zipinda zabwino, ena ndi antchito ao omwe. M'chipinda cha alendo munkadzaza anthu a mumzinda, ndipo akulu a nyumbayo sankaletsa, popeza alendowo ankasiya mphatso. Teresa adali wanzeru, wansangala, wodziwa kucheza. Aliyense womuona ankafuna kubweranso. Motero maora ambiri ankathera m'chipinda chimenecho. Sisitere wina wachikulire, mbale wake, adamchenjeza kangapo, koma iye adaipidwa nazo, nayesa kuti nkhalambayo ilikukhumudwa ndi zinthu zopanda kanthu.

Akulu akale adati mapanga awiri avumbwitsa. Teresa ankati akakhala pa macheza, chikumbumtima chinkamkumbutsa za Mulungu. Akagwada kuti apemphere, mtima unkathawira ku macheza. Sadapeze chimwemwe kwa Mulungu, sadapezenso mtendere m'za pansi pano. Kunja ankaoneka sisitere wabwino: sankajomba ku mapemphero a onse, sankadyera anzake miseche, ankasamala odwala. Anthu ankamtama, ndipo kutamako kunkamlasa, pakuti iye yekha ankadziwa za m'kati.

Tsono mdyerekezi adamtchera msampha wooneka ngati kudzichepetsa. Teresa adaganiza kuti munthu wosakhulupirika ngati iye sayenera kuyankhula ndi Mulungu ngati bwenzi, ndi kuti nkwabwino kuyamba wakonza moyo wake, pemphero lidzabwere pambuyo. Adaleka pemphero la mumtima koposa chaka chathunthu. Chomvetsa chisoni nchakuti pa nthawi yomweyo atate ake, amene iye mwini adawaphunzitsa pempherolo, ankapita patsogolo ndithu; ndipo powauza kuti iye waleka, adanamizira matenda. Pambuyo pake adazindikira kuti pa ngozi zonse za moyo wake iyi ndiyo idali yoopsa koposa. Kodi wodwala angadikire kuti achire kaye asanapite kwa sing'anga?

Atate ake adamwalira mu Disembala 1543, Teresa alikuwadwazika. Wansembe amene ankawalapitsa, Vicente Barrón wa chipani cha Dominiko Woyera, adamva kulapa kwa Teresa, naona ngozi imene adalimo. Adamlamula kuti ayambenso pemphero la mumtima, asalilekenso, ndi kuti azilandira Ukaristia kamodzi pa masabata awiri. Teresa adamvera, ndipo kuyambira pamenepo sadalekenso.

Koma kumvera sikudabweretse kukoma. Zaka zina 10 zidatsatira, zouma ngati nthaka ya mwezi wa Okutobala. Sankalimba mtima kuyamba kupemphera wopanda buku m'manja, chifukwa maganizo ankabalalika ngati mbuzi zopanda mbusa. Masiku ambiri khutu lake lidali ku belu, kudikira kuti ora la pemphero lithe liti. Polowa m'nyumba yopemphereramo ankagwidwa ndi chisoni chachikulu, kotero kuti akadasankha chilango chilichonse cholemera m'malo mwa ora limenelo. Komabe ankalowa. Ankagwa nadzuka, nagwanso nadzukanso. Mkristu wotopa asapitirire msanga pa mau amenewa: Teresa sadamve kanthu, koma sadachoke pa chitsime.

LENTI WA CHAKA CHA 1554

Tsiku lina m'nyengo ya Lenti ya 1554 Teresa adalowa m'nyumba yopemphereramo monga mwa masiku onse. M'menemo adapeza chifaniziro chimene chidabwera nacho anthu chifukwa cha chikondwerero china, nachisungamo. Chidali cha Ambuye Yezu atakwapulidwa, thupi lonse lili mabala okhaokha. Zifaniziro zotere adaziona kambirimbiri chiyambire ubwana wake. Koma tsiku limenelo maso ake adatseguka. Adaona mabalawo ngati kuti awaona koyamba, nazindikira kuti Ambuye adawalandira chifukwa cha iye, ndi kuti iye adawabwezera kusayamika zaka zonsezo. Mtima wake udasweka. Adadzigwetsa pansi pambali pa chifanizirocho, nalira kwambiri, napempha Ambuye kuti ampatse mphamvu kamodzi kokha kosatha, kuti asawalakwirenso. Ndipo adatsimikiza kuti sadzuka pamalopo kufikira pempho lake litamveka.

Kodi chidasiyanitsa tsiku limeneli ndi masiku ena nchiani? Misozi adaikhetsapo kale. Malonjezo adawachitapo kale, nawaswa. Iye mwini adafotokoza pambuyo pake kuti kale lonse, ngakhale polira, ankadalirabe nzeru zake ndi khama lake; koma tsopano adali atataya chikhulupiriro chonse mwa iye yekha, naika chonse mwa Mulungu. Zaka za chilala sizidapite pachabe. Zidamphunzitsa chinthu chimene buku silikadatha kumphunzitsa: kuti mtsuko sudzidzaza wokha.

M'masiku omwewo munthu wina adampatsa buku limene Augustino Woyera adalembamo za machimo ake ndi za kutembenuka kwake, limene lidasindikizidwa m'chiyankhulo cha ku Spain chaka chomwecho. Teresa ankakonda oyera amene adayamba akhala ochimwa, monga Maria Magdalena. Koma chinthu chimodzi chinkamfooketsa, ndicho chakuti iwo Mulungu adawaitana kamodzi ndipo sadabwererenso m'mbuyo, pamene iye adaitanidwa kawirikawiri nagwabe. Powerenga za Augustino, munthu amene adazengereza zaka zambiri alikudziwa choona, adadziona yekha monga m'kalirole. Ndipo pofika pamene Augustino adamva mau m'munda ku Milan, mau amene adadula nsinga zake m'chaka cha 386, Teresa adamva ngati kuti mauwo alikunenedwa kwa iye mwini.

Kuyambira pamenepo pemphero lidasanduka. Iye amene kale ankamvetsera belu, tsopano ankagwidwa mwadzidzidzi ndi kudziwa kuti Mulungu ali mwa iye, kudziwa kosalola chikaiko.

NTCHITO YA MZIMU WOYERA

Koma walira mvula walira matope. M'zaka zimenezo ku Spain kudaoneka akazi ena odzitcha olandira masomphenya amene pambuyo pake adapezeka onyenga, ndipo bwalo la Eklezia lofufuza za chikhulupiriro, lotchedwa Inquisition, lidali maso. Teresa adaopa kunyengedwa ndi mdyerekezi, naulula zonse kwa anthu awiri odziwika ndi moyo wabwino, Francisco de Salcedo ndi wansembe Gaspar Daza. Iwo poona kuti sisitereyu akadali ndi zofooka zambiri, adagamula kuti zimene alikumva nzochokera kwa woipayo. Komabe adamlangiza kuti akaonane ndi ansembe a chipani cha Yezu, amene adali atangofika kumene ku Avila. Ansembewo adamlimbitsa mtima, namuuza kuti tsiku ndi tsiku azisinkhasinkha za masautso a Ambuye.

Chingwe chimodzi chidatsalabe. Padali maubwenzi ena amene sadali ochimwa, koma ankagawa mtima wake. Ndipo iye ankati kuwasiya ndi kusayamika. Cha m'ma 1556 wansembe womlapitsa sadamkakamize, koma adamuuza kuti aipereke nkhaniyo kwa Mulungu masiku angapo, akunena nyimbo yakale yoitana Mzimu Woyera, yotchedwa Veni Creator. Tsiku lina atangoyamba nyimboyo, adakwatulidwa mumzimu kwa nthawi yoyamba, namva m'kati mwake kuti Ambuye safunanso kuti mtima wake ukhale pa macheza a anthu. Pomwepo chingwe chidaduka. Chimene adalimbana nacho zaka zambiri, mpaka kuononga thanzi lake, Mzimu Woyera adachichita m'kamphindi. Sadaleke kukonda anthu ai. Adawakonda koposa kale, koma tsopano mwaufulu ndi mwa Mulungu.

Mayeso sadathe. Ena mwa omlangiza adapitiriza kunena kuti wanyengedwa, ndipo mbiri yake idawanda mumzinda. M'chaka cha 1559 mabuku ambiri a za pemphero olembedwa m'chiyankhulo cha anthu adaletsedwa, ena mwa iwo amene iye ankawadalira. Teresa sadabise kanthu kwa omlapitsa, ndipo adamvera ngakhale pa zinthu zomuwawa. Mulungu adamtumizira mboni ziwiri zimene lero zili m'gulu la oyera: Francisco de Borja m'chaka cha 1557, ndi Pedro de Alcántara m'chaka cha 1560. Onse awiri adamtsimikizira kuti ntchitoyo njochokera kwa Mulungu. Umboni umene iye mwini ankapereka udali wosavuta: mdyerekezi sangachotse zoipa mwa munthu ndi kuikamo kudzichepetsa, kulimba mtima ndi chikondi.

FANIZO LA DIMBA

Pomvera lamulo la omlapitsa, Teresa adalemba mbiri ya moyo wake, ndipo m'menemo adaphunzitsa za pemphero ndi fanizo limene mlimi aliyense angalimve. Mzimu wa munthu uli ngati dimba, mwini wake ndi Mulungu, ndipo munthuyo ndi wantchito wothirira. Kuthirira kuli kwa mitundu 4. Koyamba ndi kutunga m'chitsime ndi chingwe, ntchito yothyola msana. Kwachiwiri ndi kutunga ndi gudumu lozungulira, kumene ntchito ichepa ndipo madzi achuluka. Kwachitatu ndi kupatutsa mtsinje kuti madzi aziyenda okha m'ngalande. Kwachinai ndi mvula, imene wantchito saigwirira ntchito konse.

Adaonjeza kuti masiku ena woyamba kumene aponya chotungira m'chitsime nachikoka chopanda madzi. Pamenepo asathawe m'dimba, pakuti sali kugwirira ntchito kukoma kwa iye mwini, koma mwini dimba, amene aona khama lake ndipo adziwa kusunga mbeu zamoyo ngakhale popanda madzi. Amene adalemba zimenezi adakoka chotungira chouma zaka pafupifupi 20.

ZIPATSO ZAKE

Madzi a Mulungu sakhala m'thamanda, ayenda. M'chaka cha 1560 Teresa adaonetsedwa malo a ku moto wosatha amene kufunda kwake kukadamfikitsako, ndipo adagwidwa ndi chisoni chachikulu chifukwa cha mizimu yotayika ndi chifukwa cha kugawikana kwa Akristu ku Ulaya. Adadzifunsa chimene mkazi mmodzi wopanda mphamvu angachite, napeza kuti angathe kusunga lamulo lake mwangwiro ndi kusonkhanitsa anzake owerengeka ochita chimodzimodzi, opempherera Eklezia ndi ansembe ake.

Mai wina wamasiye, Guiomar de Ulloa, adamthandiza. Mlongo wake Lorenzo adatumiza ndalama kuchokera ku America. Chilolezo chidabwera kuchokera ku Roma. Pa 24 Ogasiti 1562 kanyumba kakang'ono ka Yosefe Woyera kadatsegulidwa ku Avila, ndipo anamwali 4 adavala mkanjo. Wansembe amene adachita mwambowo adali Gaspar Daza yemwe uja, amene kale adati Teresa wanyengedwa. Mzinda udachita phokoso, akulu ake nafuna kuitseka nyumbayo, poopa kuti asisitere opanda chuma adzakhala katundu wa anthu. Koma Domingo Báñez, wa chipani cha Dominiko Woyera, adaiteteza pa msonkhano wao, ndipo mlanduwo udazilala. M'nyumbamo asisitere sankayenera kuposa 13. Onse adali olingana, popanda maina aulemu. Onse ankasesa ndi kuphika, Teresa yemwe. Sankadya nyama, ankavala nsapato za zingwe, nakhala maora awiri tsiku lililonse m'pemphero la mumtima. Koma nkhope zakugwa Teresa sankazifuna. Pa nthawi yopumula ana ake ankaseka ndi kuimba.

M'chaka cha 1567 mkulu wa chipani chonse, Giovanni Battista Rossi, adaona nyumbayo, nakondwera, namlamula kuti atsegule zina. Motero mkazi wa zaka 52, wodwaladwala, adayamba maulendo a m'ngolo zokokedwa ndi nyulu, m'dzuwa ndi m'chisanu, pa miseu yoipa ndi mitsinje yodzaza. Ku Medina del Campo chaka chomwecho adakumana ndi wansembe wa zaka 25 amene lero adziwika ndi dzina la Yohane wa Mtanda Woyera, namkopa kuti ayambe moyo womwewo pakati pa amuna. Nyumba yao yoyamba idatsegulidwa ku Duruelo mu Novembala 1568. Nyumba za asisitere zidatsatana ku Malagón, Valladolid, Toledo, Salamanca, Segovia, Sevilla ndi kwina, kufikira ya ku Burgos m'chaka cha 1582. Zonse pamodzi zidakwana 17.

M'chaka cha 1571 akulu adamtumiza kukakhala mkulu wa Encarnación, nyumba ija ya zaka zake zofunda. Asisitere ambiri adamlandira ndi mkwiyo, poopa kuti adzawasenzetsa lamulo lolimba. Pa msonkhano woyamba adapeza chifaniziro cha Maria Virigo chili pa mpando wa mkulu, makiyi a nyumba ali m'manja mwake, Teresa atakhala pa mapazi ake. Adayamba ndi kuwafunira chakudya. Pambuyo pake adaitana Yohane wa Mtanda kuti aziwalapitsa. Iye amene adadziwa kufunda ndi mtima wake womwe sadawanyoze, ndipo m'zaka 3 nyumbayo idasinthika.

Mtanda sudasowe. M'chaka cha 1575 akulu a chipani adamlamula kuti aleke kutsegula nyumba, akhale malo amodzi. Buku la moyo wake lidali m'manja mwa Inquisition. Mu Disembala 1577 Yohane wa Mtanda adagwidwa ndi abale a chipani chake amene sankafuna kukonzansoko, natsekeredwa ku Toledo miyezi pafupifupi 9. Ndipo mwezi womwewo Teresa adagwa pa makwerero nathyoka mkono wamanzere. Koma chaka chomwecho cha 1577 ndicho adalemba buku lake lopambana, Las Moradas, lofanizira mzimu ndi nyumba yachifumu ya zigawo 7, Mfumu ili kukhala m'kati mwenimweni. Phunziro lake lotsiriza nlakuti cholinga cha pemphero si kukoma kapena masomphenya, koma ntchito za chikondi. M'chaka cha 1580 Papa Gregorio XIII adalola kuti nyumba zokonzedwazo zikhale ndi chigawo chaochao, ndipo mtendere udabwera.

IMFA YAKE NDI ULEMU WAKE

Pochokera ku Burgos, ali wofooka kwambiri, Teresa adafuna kubwerera ku Avila, koma adalamulidwa kupita ku Alba de Tormes, namvera. Adafikako atatheratu. Atalandira masakramenti otsiriza, adathokoza Mulungu kawirikawiri chifukwa chomwalira ali mwana wa Eklezia, napempha chikhululukiro cha machimo ake. Adatsirizika madzulo a pa 4 Okutobala 1582, ali ndi zaka 67, mutu wake uli m'manja mwa sisitere Ana de San Bartolomé, amene ankamsamala. Usiku womwewo ndiwo Papa Gregorio XIII adaika kuti kalendala ikonzedwe pochotsa masiku 10; motero m'mawa mwake mudali pa 15 Okutobala, tsiku limene lidasanduka la chikumbutso chake.

Papa Gregorio XV adamlemba m'gulu la oyera pa 12 Malichi 1622, pamodzi ndi Ignacio de Loyola, Francisco Xavier, Filippo Neri ndi Isidro mlimi. Pa 27 Seputembala 1970 Papa Paulo VI adamtcha Mphunzitsi wa Eklezia, ndipo iye ndiye mkazi woyamba kulandira ulemu umenewu. Ana ake adafalikira pa dziko lonse. Ngakhale ku Malawi ansembe Achikarmeli ochokera ku Spain adafika m'zaka za m'ma 1960, natumikira Akristu ku Chiphaso ndi ku Kapiri.

KWA MKRISTU WOTOPA

Masomphenya ndi kukwatulidwa Mulungu apatsa owerengeka, ndipo Teresa mwini adaphunzitsa kuti munthu asazifunefune. Koma zaka zake za chilala nza Akristu ambiri. Alipo amene adabatizidwa ndi chimwemwe, koma lero Misa iwatalikira. Alipo a m'banja amene korona idaleka kumveka m'nyumba mwao. Alipo aphunzitsi, asisitere ndi ansembe amene agwira ntchito ya Mulungu mtima uli gwa. Kwa onsewa mbiri iyi inena zinthu zitatu. Choyamba, maganizo akuti munthu ayambe wakhala wabwino asanabwerere ku pemphero ndi ku masakramenti sachokera kwa Mulungu. Chachiwiri, wotopa asasenze yekha katundu wake, koma aulule kwa wansembe, monga Teresa adachitira kwa Vicente Barrón. Chachitatu, kutsitsimuka kwa mtima si malipiro a khama la munthu, koma chaulere cha Mzimu Woyera, chimene chifika pa tsiku limene Mulungu yekha alidziwa.

Mlimi salamula mvula. Koma mvula ikagwa ipindulira amene adakhalabe m'munda ndi khasu lake. Teresa sadadziwe kuti m'mawa uja wa Lenti udzasiyana ndi masiku ena onse. Adalowa m'nyumba yopemphereramo chifukwa idali nthawi ya pemphero, ndipo Ambuye adampeza pamalo pake.